Ufulu wa omangitsa nyumba ali kunja kwa Malawi

Ufulu wa omangitsa nyumba ali kunja kwa Malawi ndi chitetezo chimene malamulo a dziko lino amapereka kwa munthu amene walemba mmisiri kuti amumangire kapena kumukonzera nyumba kumudzi, mwini wakeyo ali ku South Africa, ku Zimbabwe, ku Ulaya kapena kwina kulikonse. Mmisiriyo akhoza kukhala womanga, kalipentala, pulambala, wowotcherera, wopenta kapena wa zamagetsi. Pamalamulo, munthu wolipira ntchito ya mmisiri amawerengedwa ngati wogula, chimodzimodzi amene wagula thumba la simenti m'sitolo, ndipo kukhala kutali sikumuchotsera ufuluwu. Pamene pamavuta ndi pakuti ndalama sizichoka kwa mwini nyumba n'kufika kwa mmisiri mwachindunji. Zimadutsa m'manja mwa m'bale, pangano limakhala lapakamwa, ndipo malo amene nyumbayo yaimapo nthawi zambiri amakhala osalembetsa. Nkhaniyi ikutenga boma la Ntcheu ngati chitsanzo, koma malamulo amene atchulidwa ndi a dziko lonse.

Chiyambi cha mchitidwewu

Ntcheu ndi boma la m'chigawo chapakati lomwe lili pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo limachita malire ndi chigawo cha Tete cha ku Mozambique. Pa kalembera wa 2018 munali anthu 659,608. Monga m'maboma ena ambiri, amuna a ku Ntcheu anayamba kalekale kupita ku migodi ya ku Joni komanso ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Opita ku Joni ambiri ankalembedwa ndi bungwe la Wenela. Mu April 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda analetsa ntchito yolemba anthuyi. Inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, komwe kunachokera mawu akuti kutheba, mpaka inatheratu mu 1988.

Nthawi imeneyo gawo la malipiro linkasungidwa n'kudzaperekedwa kwa mwini wake atabwerera ku Malawi. Choncho munthu ankafika kaye kumudzi, n'kugula malata, n'kuimirira yekha pamene amisiri akukhoma denga. Lero zinatembenuka. Ndalama zimafika tsiku lomwelo kudzera ku Mukuru, Hello Paisa kapena Mama Money, n'kulowa mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, koma mwini wake safika. Amalawi amaloledwa kukhala mu South Africa masiku 30 popanda viza, ndipo kuyambira 2014 munthu wopyoza masiku ake akamatuluka amaletsedwa kubwereranso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Ndiye amene mapepala ake sali bwino amatha zaka osabwera kudzaona nyumba imene akuilipira mwezi ndi mwezi. Ziwawa zothamangitsa obwera za mu 2008 ndi 2015, pomwe boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, zinapatsanso ambiri maganizo oti pafunika pofikira zinthu zikavuta.

Zimene malamulo amanena

Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act linakhazikitsidwa mu 2003. Limapatsa wogula ufulu wotetezedwa pa chuma chake, pa thanzi lake ndi pa moyo wake, ufulu wouzidwa zoona zokwanira za katundu kapena ntchito imene akulipira, ufulu wosasalidwa, komanso ufulu wolandira chipukutamisozi chokwanira ndi cha panthawi yake akaonongeredwa. Lamuloli linanenanso kuti pakhale khonsolo yoteteza ogula, koma kwa zaka zambiri khonsoloyo sinakhazikitsidwe, moti madandaulo akhala akupita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe anthu amangoliti CFTC.

Bungweli limagwira ntchito potsata lamulo la Competition and Fair Trading Act. Loyamba linali la 1998, ndipo latsopano linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024. Lamuloli limaletsa wamalonda kunama za ubwino wa katundu kapena ntchito yake, kugulitsa katundu wosafika pa muyezo, ndi kudzichotsa pa mlandu katundu akapezeka kuti ndi woonongeka. Chikwangwani chimene chimapezeka m'mahadiweya ambiri chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa chilibe mphamvu pa katundu woonongeka. Lamulo la 2024 linapatsa CFTC mphamvu yolipiritsa chindapusa yokha ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe zake.

Pa zipangizo palinso lamulo lakale la Sale of Goods Act, lomwe limati katundu wogulitsidwa afanane ndi mmene anafotokozedwera ndipo akhale woti n'kugwira ntchito yake. Pa ntchito ya mmisiri yeniyeniyo, makhoti amatsata malamulo a mapangano. Pangano lapakamwa ndi pangano ndithu, ndipo mmisiri amene wavomera ntchito amayenera kuigwira mwaluso loyenera ngakhale zimenezi sizinatchulidwe popangana. Vuto la pangano lapakamwa ndi umboni basi. Apa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limathandiza kwambiri anthu a kunja, chifukwa limavomereza mauthenga a pafoni ndi pa intaneti ngati umboni. Uthenga wa pa WhatsApp wonena mtengo, zithunzi za khoma, ndi mauthenga otsimikiza kuti ndalama zalandiridwa zikhoza kuonetsedwa kukhoti. Ambiri amazitaya posintha foni.

Mabungwe oona za amisiri ndi zipangizo

Bungwe la National Construction Industry Council, mwachidule NCIC, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti lizilembetsa makontilakita ndi kuwaika m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito imene angakwanitse. Amisiri ambiri a m'midzi sali m'kaundula ameneyu. Anaphunzira ntchito pothandiza mmisiri wina, kuyambira pa kuponda matope ndi kukankha wilibala, ndipo ena mwa iwo ndi aluso kuposa a mapepala. Kusalembetsa kumatanthauza kuti palibe bungwe limene lingamulande chiphaso akalakwitsa. Ena ali ndi satifiketi ya Trade Test kapena ya maphunziro a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja lomwe linayamba mu 1999.

Zamagetsi ndiye sizifuna chibwana. Bungwe la MERA, lomwe linabwera ndi lamulo la 2004, ndi limene limapereka chilolezo kwa oika mawaya m'nyumba, ndipo ESCOM imafuna kuti ntchitoyo ikhale yogwiridwa ndi munthu wachilolezo isanalumikize magetsi. Wolemba mnyamata wotchipa wopanda chilolezo amadzalipira kawiri. Miyezo ya simenti, malata ndi zitsulo imayang'aniridwa ndi Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972. Palinso Consumers Association of Malawi, kapena CAMA, bungwe lomwe si laboma lomwe linayamba mu 1994 ndipo kwa nthawi yaitali latsogoleredwa ndi John Kapito. CAMA imalangiza ndi kuyankhulira ogula, koma siweruza milandu.

Munthu wapakati

Pafupifupi aliyense womangitsa ali kunja amakhala ndi munthu woyang'anira: mkazi, mayi, mchimwene, mlamu kapena malume. Munthu ameneyu ndi amene amapeza mmisiri, kugula zipangizo, kusunga kiyi wa chipinda cha simenti ndi kujambula zithunzi. Pamalamulo iye ndi nthumwi, ndipo zimene wachita m'malire a zimene anatumidwa zimamanga amene anamutuma. Akauza mmisiri kuti awonjezere khonde, mwini nyumba akhoza kukakamizika kulipira khondelo ngati mmisiri anali ndi chifukwa chokhulupirira kuti nthumwiyo ili ndi mphamvu zotero.

Apa ndi pamene ufulu wa ogula umaduka. Malamulo oteteza ogula analembedwa poganizira wogula ndi wamalonda, pomwe m'bale woyang'anira si wamalonda. Ngati mwini nyumba anatumiza ndalama za matumba 40 a simenti, m'bale n'kugula 25, zotsalazo n'kulipira fizi kapena kugula feteleza, CFTC ilibe chochita. Mmisiri naye sangaimbidwe mlandu wa khoma logumuka ngati anapatsidwa simenti yochepa n'kuuzidwa kuti ayesetse ndi yomweyo. Nkhani yotere ndi ya ngongole kapena ya kuba, ndipo mabanja ambiri safuna kuitengera kupolisi. Imathera kwa mwini mbumba kapena kwa anyakwawa, nthawi zambiri ndi kupepesa kopanda kubweza kalikonse. Nkhani za anthu amene ankatumiziridwa zithunzi za nyumba ya eni ake, n'kudzapeza pamalo pawo pali maziko okha, zimakambidwa kwambiri pakati pa Amalawi a ku Joni. Komabe si bwino kuiwala kuti woyang'anira nthawi zambiri amagwira ntchitoyi kwa miyezi osalandira kanthu, akusiya munda wake, ndipo banja lonse limaona ndalama zochokera kunja ngati zothandizira aliyense. Amene amapangana malipiro a woyang'anira poyambirira amachepetsako mkangano umenewu.

Chachiwiri ndi dzina la pa lisiti. Lisiti likalembedwa m'dzina la m'bale, pamapepala wogula ndi iyeyo. Mwini ndalama akafuna kudandaula amayamba walimbana ndi kusonyeza kuti nkhaniyo ikumukhudza bwanji. Njira yachidule ndi kulembetsa malisiti m'dzina la mwini nyumba, ndi kulipira mmisiri kapena sitolo mwachindunji pafoni kuti pakhale umboni wa tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Pa nkhani zikuluzikulu monga kusaina mapepala a malo kapena kusumira munthu, mwini nyumba akhoza kulemba kalata yopatsa wina mphamvu yomuimirira. Kalatayi imasainidwa pamaso pa loya wovomerezeka kutsimikiza zikalata m'dziko limene munthuyo ali. Ku South Africa dziko la Malawi lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg komwe anthu amakafunsa za mapepala otere.

Pangano ndi kalipiridwe

M'midzi ya ku Ntcheu pangano lofala ndi lakuti mwini nyumba agule zipangizo zonse, mmisiri angolipidwa za manja ake. Pangano lina, lomwe limapezeka kwambiri pa boma ndi m'matauni, ndi lakuti kontilakita atenge zonse pa mtengo umodzi. Kusiyana kwake n'kofunika pa mlandu. M'pangano loyamba mmisiri amayankha za luso lake lokha, ndipo za malata opyapyala amayankha ndi wa sitolo. M'pangano lachiwiri kontilakita amayankha zonse.

Pangano lolembedwa silifuna loya. Tsamba limodzi la m'kope lokhala ndi mayina, kukula kwa nyumba, ntchito imene igwiridwe, mtengo, masiku, amene agule zipangizo, ndi mboni ziwiri ndi lokwanira. Ambiri amasankha nyakwawa kapena mkulu wa mpingo kukhala mboni. Kalipiridwe kamene amisiri enieni amakadziwa kale ndi ka m'magawo: maziko akatha, khoma likafika pa mawindo, bimu ikathiridwa, denga likakhomedwa, kenako pulasitala ndi pansi. Kupereka ndalama zonse poyamba kumachotsa chinthu chokhacho chimene munthu wakutali angagwirire mmisiri. M'mapangano a makampani, mwini ntchito amasunga kagawo kochepa ka ndalama, kawirikawiri 5 kapena 10 pa 100 iliyonse, mpaka padutse miyezi ingapo yoonera zolakwika. Kumudzi njira yofanana nayo ndi kusunga kagawo komaliza mpaka mvula yoyamba itayesa denga.

Kugwa kwa ndalama ya kwacha kwasokoneza mapangano ambiri. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 ndi 44 pa 100, pomwe dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mitengo ya simenti ndi malata inakwera nthawi yomweyo. Kotesheni yolembedwa mu Okutobala inakhala yopanda ntchito mu Disembala. Wokhala kunja, yemwe amalandira marandi kapena mapaundi, amaona ngati akuberedwa, pomwe kontilakita amene anavomera mtengo umodzi amapezeka akugwira ntchito yoluza n'kuthawa. Pangano labwino limanena kuti kotesheni ndi ya masiku angati komanso kuti mitengo ikakwera atani.

Zolakwika zimene chithunzi sichionetsa

Chithunzi cha pafoni chimaonetsa kuti khoma lakwera, koma sichionetsa zimene zili m'kati mwake. Simenti imagulitsidwa m'matumba a makilogalamu 50, ndipo thumba lopungulidwa kapena logona pachinyezi mpaka kuchita mibulu limaoneka chimodzimodzi ndi labwino. Konkire wamba amasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, ndipo amafunika kuthiriridwa madzi kwa masiku pafupifupi 7 kuti alimbe. Kumene madzi ali kutali, kuthirira ndiko kumayamba kudumphidwa. Malata amayezedwa ndi geji, ndipo nambala ikakula lata limapyapyala: geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32. Wolipira geji 28 n'kukhomeredwa geji 32 sangadziwe ali ku Cape Town. Chimodzimodzi pepala lakuda lotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, mankhwala a chiswe, zitsulo za m'bimu, ndi mawaya omangira denga ku khoma. Zonsezi zimabisika ntchito ikamapita patsogolo, ndipo zimadzadziwika mphepo ikasasula denga kapena khoma likayamba kunyowa m'munsi.

Nthaka ya ku Ntcheu si yofanana. Kumapiri a Tsangano ndi Lizulu n'kozizira komanso kotsetsereka, moti madzi a mvula amakokolola m'mphepete mwa maziko ngati palibe ngalande. Kuchigwa cha Bwanje, cha ku Sharpevale ndi Kasinje, kuli dothi lamakande lomwe limafufuma nthawi ya dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo nyumba ya maziko osaya imachita ming'alu pasanathe zaka zambiri. Mmisiri wodziwa dera amachenjeza za zimenezi, ndipo mwini nyumba akakana kuwonjezera ndalama za maziko, mlandu wa ming'aluyo sukhalanso wa mmisiri yekha. N'chifukwa chake ena amalipira mmisiri wachiwiri, wosakhala mnzake wa woyambayo, kuti akaone ntchito gawo lililonse lisanakwiriridwe.

Malo amene nyumba yaimapo

Munthu akhoza kupambana pa zonse zokhudza mmisiri koma n'kutaya nyumba yonse chifukwa cha malo. Malo ambiri a ku Ntcheu ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu monga Kwataine, Njolomole, Ganya, Champiti, Makwangwala, Mpando ndi Phambala, pansi pa Inkosi ya Makhosi Gomani. Ngakhale bomali ndi la Angoni a Maseko, m'midzi yambiri malo amayenda kuchikazi ndipo chikamwini n'chofala. Mwamuna amene ali ku Joni n'kumamanga pamudzi pa mkazi wake akumanga pa malo a mbumba ya eni. Banja likatha kapena mkazi akamwalira, nyumbayo sangainyamule. Mkazi wa chitengwa amene akutumiza ndalama zomangira kwa apongozi ake ali pa vuto lomwelo. Makhoti amaganizira zimene aliyense anaikapo pogawa katundu wa banja, ndipo apanso umboni wa ndalama zotumizidwa ndi umene umathandiza.

Lamulo la Customary Land Act la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo a makolo m'dzina la munthu kapena la banja kudzera m'makomiti a malo a kwa gulupu. Ogula puloti pa boma kapena m'misika ikuluikulu monga Kampepuza ndi Lizulu amakumananso ndi vuto la puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri, makamaka ikakhala nthawi yaitali mwini wake osaoneka. M'madera amene ali pansi pa mapulani a tauni, pulani ya nyumba imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ntchito isanayambe.

Kokadandaula

Poyambira ndi kwa mmisiri yemweyo, polemba uthenga wonena cholakwika ndi tsiku limene akonze. Zikakanika, ambiri amapita kwa nyakwawa kapena gulupu. Bwalo la mfumu ndi lapafupi, silidya ndalama zambiri, ndipo mmisiri wa m'dera lomwelo amaopa manyazi, koma chigamulo chake chimadalira kuti wolakwayo amvere. Dandaulo lokhudza sitolo ya zipangizo kapena kampani yomanga likhoza kupita ku CFTC, ndipo likhoza kutumizidwa polemba munthu ali kunja. Kontilakita wolembetsa akhoza kukanenezedwanso ku bungwe limene linamulembetsa.

Mlandu wofuna kubwezeredwa ndalama umapita kukhoti la majisitireti, lomwe lilipo pa boma la Ntcheu, ndipo wa ndalama zambiri umapita ku High Court. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zoyambitsira mlandu wa pangano, kuwerengera pamene panganolo linaphwanyidwa. Kwa munthu amene amadikira kuti adzaone akadzabwera, zakazi zimatha msanga. Osowa ndalama za loya akhoza kufunsa ku Legal Aid Bureau, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011.

Apolisi amalowererapo ngati pali chinyengo. Gawo 319 la Penal Code limaletsa kulandira ndalama kapena katundu mwa bodza, mwachitsanzo munthu wodzitcha kontilakita pa Facebook amene alibe ntchito iliyonse, kapena wogulitsa puloti yomwe si yake. Mmisiri amene anayamba ntchito n'kuigwira moipa kapena mochedwa sanapalamule mlandu wa upandu. Waphwanya pangano, ndipo kumutsekeretsa m'chitokosi sikumanga khoma.

Mbali ya mmisiri

Pangano limamanga mbali zonse ziwiri. Amisiri nawo amadandaula za mabwana a kunja amene amasintha pulani pafoni khoma litakwera kale, amene amasiya kutumiza ndalama ntchito ikawathera ku Joni, kapena amene amatumiza malipiro kudzera kwa m'bale yemwe sawafikitsa. Mmisiri amakhala atalemba aganyu oponda matope ndi amayi otunga madzi amene amafuna zawo madzulo aliwonse kapena pakutha pa sabata, ndipo amene amatukwanidwa pamudzi ndi iyeyo, osati bwana amene sakumuona. Mmisiri wosalipidwa ali ndi ufulu wosiya ntchito ndi kusumira mwini nyumba pa zimene wagwira kale. Alibe ufulu wozula mafelemu kapena kuchotsa malata amene anagulidwa ndi mwini nyumba, ngakhale izi zimachitika. Ngati ndalama zinaperekedwa kwa nthumwi koma sizinafike kwa mmisiri, ngongoleyo imakhalabe ya mwini nyumba, ndipo iye ndi amene ayenera kukalondola ndalamazo kwa m'bale wake.